Unadziwa za Chulu, Bwanji Unakhala Chete?

Wenya, Chitipa

Lusungu mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili m'kalasi mwanga, ana ataweruka, iwe uli kumjigo kuchapa zovala za ulendo wa mawa. Ndasankha kulemba chifukwa ndikati ndilankhule pakamwa ndiyamba kukalipa, iwe n'kugwetsa nkhope, n'kuyamba "yewo amama, yewo amama" wako uja, zikomo wa Chitumbuka, ndipo palibe chimene chingalowe m'mutu. Pepala silikalipa. Uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe mzere.

Ndakwiya, Lusungu, ndipo sindikubisira. Kuyambira dzana lija pamene unandiuza nkhaniyi tikutongola chimanga pakhonde, sindinasiye kuiganizira. Chandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti unaikamba ukuseka, ngati ukukamba za mbuzi ya eni yomwe yadya zovala pachingwe. Mwana wanga wapatsidwa kalata ya chenjezo ku yunivesite, yoti akalepheranso chaka chino phunziro la ulimi limene walephera amuchotsa sukulu, iye n'kumaseka! Ndipo kalatayo wagona nayo m'chikwama tchuthi chonsechi osandionetsa.

Ndibwereze nkhaniyi monga unandiuzira, kuti uimve ikutuluka pakamwa pa munthu wina, mwina ungaone kunyansa kwake. Anakuikani m'gulu la anthu asanu, nakupatsani munda woyeserera kuti mudzale nyemba m'zigawo zinayi, chigawo chilichonse ndi muyezo wake wa manyowa, kenako mufotokoze kumene zabereka bwino ndi chifukwa chake. Anzako anayi aja khasu amangolionera pakanema. Unalima ndiwe. Kudzala ndiwe, kupalira ndiwe, kuthirira Loweruka ndi Lamulungu iwo ali m'tauni ndiwe. Anakupatsa ndi dzina lomwe, ati "mlimi wathu," iwe n'kumavomera. Polima unaona kuti chigawo chachitatu chagwera pamene panali chulu chakale chimene anachisalaza ndi thirakitala, ndipo unadziwa pomwepo kuti nyemba za pamenepo zidzabereka kuposa zinzake ngakhale osathirapo kanthu. Mwana aliyense wa kuno ku Wenya amadziwa zimenezi asanaphunzire kulemba dzina lake. Unazilemba mu lipoti, tsamba lathunthu. Ndiye mnyamata uja Dalitso, amene anadziika yekha kukhala mtsogoleri wa gulu, anawerenga n'kunena kuti, "Za chuluzi n'zakumudzi, aphunzitsi atiseka nazo." Anachotsa tsambalo. Iwe unati chiyani? Unati, "Chabwino."

Chabwino! Koma abale inu.

Tsiku lofotokoza kutsogolo litafika, Dalitso anaimirira ndi tayi wake, iwe uli pambali utanyamula mapepala a gulu. Analankhula, nalankhula, Chingerezi chikutuluka m'mphuno. Atatha, mayi amene amakuphunzitsani anafunsa funso limodzi lokha: "Bwanji chigawo chachitatu chabereka kwambiri, chonsecho ndi chimene munathirako manyowa ochepa?" Dalitso kukamwa yasa. Enawo maso padenga. M'chipinda monsemo munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa yankho, munthu amene manja ake anachita matuza m'munda umenewo, ndipo munthuyo anayang'ana nsapato zake. Kenako mayiyo anayamba kufunsa mmodzimmodzi kuti wagwira ntchito yanji m'gululi. Wina anati analemba, wina anati anajambula, wina anati anayeza zokolola. Atafika pa iwe unati, "Ine ndimangothandizako." Mayiyo analemba zimene anamva, ndipo malikisi ako anatsika kuposa a onse.

Mayi ameneyo sindikumuimba mlandu ngakhale pang'ono. Ndine mphunzitsi, ndikudziwa. Sitichonga zimene zili mumtima mwa mwana. Timachonga zimene watulutsa. Dalitso yekhayo ndikanakonda kukumana naye pamsewu, koma ngakhale iyeyo anangotola chimene iwe unataya pansi.

Nditakufunsa kuti bwanji sunayankhe, unandiuza mawu amene akundiwawa mpaka pano. Unati, "Amama, ine ndine ndani? Ana aja anaphunzira sukulu za mpanda, makolo awo ali ndi magalimoto. Ine ndikatsegula pakamwa amadziwiratu kuti ndachokera kumapeto kwa msewu." Tsono akadziwa? Mayeso amene anakulowetsa kumeneko anali ena, osiyana ndi awo? Anakulembera ndani? Ine ndikukumbukira mwana amene ankayenda wapansi kupita ku sekondale mvula ikugwa, mabuku atawakulunga m'pepala la pulasitiki, nakhoza kuposa onse amene anakhala nawo m'chipinda cha mayeso. Boma silinakuitane chifukwa chokumvera chisoni. Unalowa pakhomo lomwelo limene analowera Dalitso, ndipo mpando umene umakhalapo suli wobwereka.

Ndipo usandinamize kuti linali tsiku limodzi lokhalo. Ndakufunsafunsa masiku awiriwa ndipo ndaona chithunzi chonse. Umakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Chaka chonse chathachi sunakwezepo dzanja, wavomera wekha. Ukapanda kumva kanthu m'kalasi sufunsa, umapita kukakhala pawekha maola anayi kulimbana ndi buku pa chinthu chimene mphunzitsi akanakumasulira mphindi zisanu. Ofesi ya mayi uja sudziwa n'komwe kuti chitseko chake n'cha mtundu wanji. Anzako akamakumana kukambirana za mayeso iwe supita, ati ungawachedwetse. Umu ndi mmene matendawa amayendera, mwana wanga, ndawaona mwa ana ambiri pa ntchito yangayi. Mwana akangodziyesa wachabe amasiya kufunsa. Akasiya kufunsa amatsalira. Akatsalira malikisi amatsika, ndipo iye amatenga malikisiwo n'kumati, "Mwaona, ndinanena ine kuti sindingathe." Chonsecho nzeru zili momwemo m'mutu, sizinapite kulikonse. Manyazi adapha lambe, ndipo iwe atsala pang'ono kukubweza kuno ndi chikwama chako.

Ukudabwa kuti ndakwiyiranji chonchi? Ndakwiya chifukwa njira imeneyi ndinaiyenda ine, ndipo ndikudziwa kumene imathera.

Nditangobwera kuno kuchokera kwathu ku Dedza, ndili mtsikana, ndisanakumane n'komwe ndi adada ako, anandipatsa Sitandade 1. Ana odzaza chipinda mpaka pazenera, kunyumba kwawo amalankhula Chitumbuka ndi Chilambya, mabuku ochepa omwe analipo ali m'Chichewa, ine moni wokha ndi amene ndinkadziwa. Mwezi woyamba ndinkalira ndikaweruka. Kenako ndinayamba kupempha makatoni a sopo m'magolosale. Ndinkawadula tizidutswa, n'kujambulapo nkhuku, khasu, mphika, njinga. Ana ankandiuza dzina la chinthucho m'chilankhulo chawo, ine n'kuwauza langa, tonse n'kumaphunzira limodzi. Makadi amenewo anadzaza mabokosi atatu. Pofika kumapeto kwa chaka ana anga ankawerenga, ndipo mbiri inafika mpaka ku Boma. Tsiku lina kunabwera galimoto ya akuluakulu a maphunziro kudzaona. Ahedi a nthawi imeneyo anati aphunzitsi aakazi apite kukaphikira alendo, ndipo m'kalasi mwanga anaimikamo a Simwaka, mphunzitsi wa Sitandade 6, ati poti iwo Chingerezi chimawayenda. Ine ndinapita kukasosola nkhuku. Nthawi ya chakudya itakwana ndinalowa ndi beseni ndi jagi ya madzi, n'kugwada kuti alendo asambe m'manja. Mlendo wamkulu anali atagwira khadi langa limodzi, la njinga. Anafunsa kuti, "Kodi anaganiza zimenezi ndani?" A Simwaka anakhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Tinapanga ife pasukulu pano, bwana." Ine ndili chigwadire, jagi ili m'manja, inki ya makadi omwewo ikadali m'zikhadabo zanga. Ndinathira madzi, n'kunena kuti yewo, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

A Simwaka ndi amene anatumizidwa ku maphunziro a njira zatsopano zophunzitsira kuwerenga. Atabwerako anakhala achiwiri kwa ahedi, kenako ahedi. Ine ndinadzitonthoza kuti Mulungu akuona. Amaonadi Mulungu, sindikukana, koma pakamwa anandipatsa yemweyo, ndipo sanandipatse kuti ndizingodyera. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti kunali kudzichepetsa. Bodza! Anali mantha. Ndinkadziona ngati kamtsikana kobwera, kosayenera kutsegula pakamwa pamaso pa anthu a nsapato zowala. Pamene iwe unati "ndimangothandizako," ndinadziona ndekha nditagwada ndi jagi ija.

Ina ndi iyi, ndipo sindinakuuzepo. Adada ako atadwala matenda awo omaliza, iwe uli ndi zaka zisanu ndi zitatu, tinawatengera kuchipatala chachikulu. Tsiku lachitatu adokotala awiri anaima pabedi lawo n'kumakambirana m'Chingerezi, mofulumira, akuloza pa chithunzi cha m'chifuwa. Ine ndine mphunzitsi, Chingerezi ndimamva, koma mawu a chipatala anandidutsa pamwamba. Wamkuluyo anali munthu wabwino. Anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Mayi, pali funso?" Mafunso ndinali nawo odzaza mtanga. Akudwala chiyani amuna anga? Mankhwalawa ndi a chiyani? Tikanabwera msanga zikanasintha? Koma ndinayang'ana majasi awo oyera, ndinayang'ana chitenje changa chimene ndinagona nacho pansi masiku atatu, n'kudzifunsa kuti funso langa likhala lopusa bwanji pamaso pa anthu ophunzira chonchi. Ndinati, "Ayi, palibe, yewo." Anapita pabedi lina. Patapita masiku anayi adada ako anatisiya.

Sindikunena kuti ndikanafunsa akanachira. Zimenezo sindidziwa. Chimene ndikunena n'chakuti mpaka lero, ine mkazi wawo, sindidziwa dzina la matenda amene anatenga amuna anga. Uli Fomu 2 unandifunsa kuti, "Amama, adada anamwalira ndi chiyani?" Ndinakuyankha kuti anadwala m'chifuwa, n'kukutuma kumadzi kuti usafunsenso. Ngati ndi matenda oyenda m'magazi, oti iwe uyenera kusamala nawo, ndilibe chokuuza. Ndinapatsidwa mpata wofunsa, dzanja la munthu lili chitambasulire, ine n'kukana chifukwa chodziona wochepa. Safunsa adadya phula, amatero akuluakulu, ndipo langali ndikutafunabe.

Tsono mvera, Lusungu, ndikuuze zoti ukachite, ndipo sindikupempha ayi.

Ukafika, sabata yoyamba yomweyo, upite ku ofesi ya mayi uja. Ugogode mwamphamvu, osati kukanda chitseko ngati mphaka. Umuuze dzina lako lonse, umuuze kuti ndiwe uja unati umangothandizako, ndipo kuti unanama. Umufotokozere za chulu. Sukupita kukapempha malikisi, amenewo anapita, madzi akatayika saoleka. Ukupita kuti adziwe kuti m'kalasi mwake muli munthu amene amadziwa dothi. Aphunzitsi timakondwa ndi mwana wotero kuposa mmene ana inu mumaganizira. Ine mwana akabwera pa tebulo langa ndi funso, tsiku limenelo ndimadya bwino.

M'kalasi ukhale kutsogolo. Mzere woyamba kapena wachiwiri, kumene mphunzitsi akamayang'ana akugunda nkhope yako. Ndipo sabata iliyonse ufunse funso limodzi mokweza, ngakhale likhale lopusa. Mantha adzakugwira. Asiye akugwire, ufunse basi. Usadikire kuti tsiku lina udzadzuke uli wolimba mtima kenako n'kuyamba kulankhula. Sizibwera choncho. Umayamba kulankhula uli ndi mantha omwewo, ndipo kulimba mtima kumakupeza m'njira. Udzadabwa kuona kuti funso limene unkaliyesa lopusa, theka la kalasi linkafuna kufunsa lomwelo, kuphatikizapo a Chingerezi cha m'mphunowo.

Akakuikaninso m'magulu, tsiku loyamba lomwelo unene kuti, "Khasu tigwira tonse, ndipo tsamba limene ndilembe ndidzafotokoza ndekha." Wina akati "mlimi wathu," umuyankhe kuti dzina lako ndi Lusungu, ndipo umupatse khasulo aone kulemera kwake. Amati mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma sanati mmodzi asenze denga enawo akhale pamthunzi n'kumauza alendo kuti nyumbayi tamanga ife. Ndipo munthu aliyense akafuna kuchotsa tsamba lako, akuuze chifukwa chomveka. "N'zakumudzi" si chifukwa. Sukulu imene ukuphunzirayo ndi ya ulimi, mwana iwe! Akuganiza kuti nyemba zimalimidwa kuti, pamwamba pa nyumba zosanjikizana? Chimene iwe ukuchita nacho manyazi ndi chimene enawo adzavutike zaka zinayi kuti achidziwe.

Za kalankhulidwe kako, inde, adzaseka. Aseke. Ine kuno anandiseka chaka chathunthu ndi Chitumbuka changa chopindika, amayi akumsika mpaka kugwirana mapewa. Kwathu ndinali Naphiri, kuno anandisandutsa Nyaphiri, ndipo lero ndi iwo omwe amandiitana kuti ndikawalankhulire pa zinkhoswe za ana awo. Iwe uli ndi zilankhulo zinayi m'kamwa, wokusekayo mwina ali ndi chimodzi ndi theka. Kuseka kwa munthu sikulembedwa pa satifiketi. Koma kukhala chete kwako kwalembedwa kale, kalatayo ili m'chikwama mwakomo.

Usandimve molakwa. Sindikukutuma kuti ukakhale wamwano, wodula akuluakulu pakamwa, woyenda mapewa m'mwamba. Moni upereke, mkulu umupatse mpando, polandira chinthu ulandire ndi manja awiri. Umenewo ndi ulemu ndipo usautaye. Koma kudziwa yankho n'kulimeza, kugwira ntchito n'kuikana pamaso pa anthu, umenewo si ulemu. Ndi kunama. Unanamiza mayi uja, unanamiza gulu lako, ndipo unadzinamizira wekha mlandu wa ulesi umene sunapalamule. Chetechete sautsa nyama, mwana wanga.

Kutchalitchi kuno amayi amakutama kwambiri. "Mwana wa Nyaphiri ngwa nkharo yiwemi," amatero, kuti ndiwe wa makhalidwe abwino. "Akakhala m'nyumba sungadziwe n'komwe kuti muli munthu." Ine ndinkamva zimenezi n'kumafufuma ngati mkate. Lero ndikazikumbukira ndikufuna kulavula. Mwana wanga anasanduka munthu wosadziwika kuti alipo, ine n'kumalandira mayamiko! Ndipo ndikudziwa tsiku limene zinayamba, chifukwa ndinaziyambitsa ndine. Apa cholembera chikulemera, koma ndilemba.

Sunabadwe wachete iwe. Unali mwana wa mafunso, wotopetsa, woti adada ako ankachita kuthawira kumunda. Uli Sitandade 5, patapita zaka ziwiri chimwalirire adada ako, kunali tsiku loti makolo adzaone ana awo akuphunzira. A Simwaka, amene tsopano anali ahedi, analowa m'kalasi mwanu kuti aonetse luso pamaso pa makolo. Analemba samu ya kugawa pabolodi n'kuiwerengera okha mpaka pansi, choko chikulira. Iwe unakweza dzanja. Asanakuloze n'komwe unaimirira n'kunena ndi mawu ako onse kuti, "Ahedi, mwalakwitsa pa mzere wachitatu." Makolo anaseka, ena mpaka kuomba m'manja. Pasanathe ola anandiitanitsa ku ofesi. "Nyaphiri," anatero, "mwana wanu alibe mwambo. Kaya kwanu ku Dedza mumalera chonchi, koma kuno ayi. Muganizire bwino ngati mukufuna kukhalabe pasukulu pano."

Potuluka mu ofesimo ndinadzera pazenera la kalasi lanu. Samu ija inali ikadali pabolodi. Ndinaiwerengera ndekha, kawiri. Mzere wachitatu unali wolakwikadi. Unali ukunena zoona, ndipo ine ndinadziwa. Koma ndinali mayi wamasiye, wokhala m'nyumba ya sukulu, ndipo ndinaopa kuti anditumiza kusukulu ya kutali ku Nthalire kumene galimoto sifika mvula ikayamba. Ndinathyola kanthambi ka bulugamu. Iwe unabwera kunyumba ukudumphadumpha, ukuganiza kuti ndikuyamikira. Ndinakukwapula m'miyendo. Unkalira ukunena kuti, "Koma amama, analakwitsadi!" Ine n'kumawonjezera, ndikukalipa kuti, "Ndiwe ndani iwe woti ukonze ahedi? Ndiwe ndani?" M'mawa mwake ndinakugwira dzanja, n'kukugwaditsa pamaso pa sukulu yonse pa asembule, n'kukuuza kuti unene kuti unalakwitsa ndiwe. Unanena. Kuyambira tsiku limenelo aphunzitsi ako onse ankandiuza mawu amodzimodzi, kuti mwanayu ndi wanzeru papepala koma m'kalasi salankhula. Ine n'kumati wakula, wadekha.

Funso lija unandifunsa pakhonde, loti iwe ndiwe ndani, ndinakuphunzitsa ndine, ndi kanthambi m'manja. Sanali Dalitso, sanali ana a sukulu za mpanda. Iwo anangopeza khomo lotsekula kale. Tsono ndikulemba pano kuti ukhale nazo papepala, uziwerenga tsiku lililonse limene ukuopa kulankhula. Samu ija unakhoza. A Simwaka analakwitsa. Ine mayi ako ndinadziwa, ndipo ndinakumenya chifukwa cha mantha anga, osati chifukwa cha kulakwa kwako. Kwathu mayi sapepesa mwana, amangomuphikira nkhuku n'kukhala ngati palibe chinachitika. Nkhuku ndakuphikira zambiri zaka zonsezi ndipo sizinakonze kanthu. Pepa, Lusungu. Ndinakulakwira kwambiri.

Koma kupepesa kokha sikungakuimike pamaso pa mayi uja, ndipo ine sindikutumiza ulendo wonsewo, kudutsa Karonga mpaka kufika ku yunivesite, kuti ukayambire kumeneko chinthu chimene sunachiyesepo. Ndiye ndakonza zina. Lole ya ku Boma imanyamuka teni koloko. Hafu seveni mawa ana anga a Sitandade 7 ali ndi phunziro la ulimi, ndipo mphunzitsi wake ndiwe. Ahedi atsopanowa avomera. Ndaitananso alimi atatu a m'komiti ya sukulu, ndipo mmodzi ndi agogo a Nyakaonga, ukuwadziwa, sanyengerera munthu ndipo khutu limodzi silimva, udzachita kukweza mawu. Udzaima kutsogolo, udzajambula zigawo zako zinayi pabolodi, udzafotokoza zimene unalima ndi zimene unapeza, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ana anga ndi osachedwa kuseka, ndipo sindiwaletsa. Ine ndidzakhala kumbuyo pa benchi ya ana, ndipo ndidzakweza dzanja ndi mafunso ovuta. Choko ndasiya pa tebulo, chatsopano.

Ndikudziwa kuti pofika pamzere uno wayamba kale kufunafuna pothawira. Mwina ukuganiza zodzuka ndi mutu, kapena zochedwa dala kumanga katundu. Usayese, ndinakubereka ndine. Njira zilipo ziwiri zokha. Ubwere udzaphunzitse, kapena ukane. Koma ngati ukukana, usandikanire ndi "yewo amama" nkhope ili pansi, kenako n'kuzemba. Ubwere pamene ndili, uime chilili, undiyang'ane m'maso, unene mokweza mpaka oyandikana nafe amve kuti, "Amama, sindichita, ndipo chifukwa chake ndi ichi." Undiuze kuti ndalakwitsa, ngati ukuona kuti ndalakwitsa. Ndakhala zaka khumi ndisanamve mwana wanga akunditsutsa, ndipo ukatero ndidzakunyamulira ndekha chikwama mpaka pa lole.

Ndine mayi ako,
Nyaphiri